Madzi a Likhubula akupita ku Blantyre, nanga phirili akulisamala ndani?

Anzathu a ku Muloza, Limbuli, pa Boma ndi nonse muli m'magulupu athu, tamvani izi.

Kwa zaka zambiri Blantyre wakhala akudalira madzi a mu Shire, opopedwa pa Walker's Ferry. M'dzinja madziwo amabwera ali matope okhaokha, ndipo kuti afike m'tauni mapampu amawakankha kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. Magetsi akangothima, ku Bangwe ndi ku Ndirande zigubu pamzere. N'chifukwa chake Blantyre Water Board inabwera kuno kwathu kudzatapa madzi mu mtsinje wa Likhubula, ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku India. Ntchito inatha mu 2019. Madzi amatsika okha m'mapaipi mpaka ku Nguludi komwe amakawayeretsa, ndipo anakonza zoti azifika malita 20 miliyoni patsiku.

Tisanamizane, nzeru imeneyi inali yabwino. Madzi a m'phiri ndi oyera, safuna mankhwala ambiri, safunanso magetsi ochuluka ngati a mu Shire. Ndipo wa ku Bangwe naye ndi m'bale wathu. Enafe digiri tinakaitengera m'tauni momwemo, tikudziwa kudzuka 3 koloko usiku kukadikira mpope ukutsokomola mpweya.

Koma aise, paipi sibala madzi. Amene amasunga madzi ndi mitengo ya pamwamba paja. A Citizens for the Protection of Mulanje ananena zomwezi ntchito isanayambe, kuti bzalani mitengo kaye, ena n'kumawatenga ngati osokoneza chitukuko. Lero kwezani maso muone. Mkungudza watsala pang'ono kutheratu, moto chaka ndi chaka, matumba a makala akutsika m'mawa uliwonse panjinga. Ndipo osaloza chala patali: ambiri otentha makalawo ndi anzathu omwe tinali nawo kalasi imodzi, alibe pogwira. Munthu sungamuuze kuti asiye nkhwangwa usanamupatse china chogwira.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anationetsa zomwe phiri limachita likakwiya. Ife a kuno ku Muloza sitichita kuuzidwa, tinaika abale athu m'manda. Phiri ndi limodzi lomweli: kumene kumachokera Likhubula n'komwe kumachokeranso Ruo ndi Muloza. Likauma, mpope wa ku Limbe uuma, wathunso uuma.

Ndiye tikufunsa a Blantyre Water Board, Southern Region Water Board, nthambi ya zankhalango ndi khonsolo ya Mulanje, atiyankhe poyera. Pa ndalama zomwe zimatoleredwa pa madzi a m'phirili, ndi zingati zimabwerera kudzasamala phirilo? Mitengo yomwe inabzalidwa, yaphuka ndi ingati? Tikufuna manambala, osati zithunzi za mabwana atagwira kambande kamodzi atavala suti. Ntchito yofesa mbande, kulambula njira zotchinga moto ndi kulondera nkhalango ipatsidwe kwa achinyamata a m'munsi mwa phiri, yolipidwa, osati yongodzipereka. Komanso zikutheka bwanji mayi wokhala pansi pa phiri kumatunga pachitsime chosatetezedwa, madzi akuyenda ulendo wonsewo kukafika m'tauni? Ngongole ija ndi ya dziko, tidzabweza nawo ndife.

Paipi wina aliyense asaigwire, ameneyo sali nafe. Jambulani mpope kapena mjigo wouma wa m'dera lanu, lembani mudzi ndi tsiku, tumizani kwa ma admin. Tikaphatikiza zonse tikazitula tokha kukhonsolo. Uthengawu upite m'magulupu onse.