Safunsa Adagula Nkhadze

Amalonda anzanga, lero ndiulule manyazi anga. Chaka chatha mnyamata wina wa tayi adafika pa benchi yanga ya tomato ali ndi timitengo tobiriwira m'jumbo. Ati, "Mayi, iyi ndi mbewu ya dragon fruit, chipatso chodula chija cha m'masitolo akuluakulu. Mukadzala, za tomato muziiwala." Ine osafunsa, ndidapereka mpamba wa tsiku lonse.

Ndidadzala kuseri kwa nyumba, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Chinthu chija chidangoima njo ngati msilikali. Tsiku lina nditathyola nsonga, padatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Dzanja lomwelo kufika m'maso, mayo ine! Adali m'bale wake wa nkhadze basi.

Tsono imvani maonekedwe a mbewu yeniyeniyo, poti ndidakaiona kwa mlimi wina. Kwawo ndi ku Mexico ndi Central America, koma yemwe adatchuka nayo pa malonda ndi Vietnam. Tsinde lake ndi lowonda, lanthiti zitatu, ndipo m'mbali mwake ndi mokhotakhota. Masamba ilibe. Minga yake ndi ifupiifupi, imamera m'timaso ta m'mbalimo. Payokha siyiima, imayanga ndi kugwa ngati dzungu, ndiye imatulutsa timizu m'tsinde togwirira pa mtengo kapena pakhoma. N'chifukwa chake alimi amaizikira nsanamira kuti ikwere, nthambi zizilendewera pansi.

Duwa lake ndi loyera, lalikulu, kutalika mpaka masentimita 30. Limatseguka usiku umodzi wokha, kukacha lafota. Pakatha pafupifupi mwezi, chipatso chapsa: khungu lofiirira lokhala ndi mamba obiriwira, mkati moyera, timbewu takuda mbwee.

Muyeso wake ndi wosavuta. Kandani tsinde ndi chikhadabo. Mukaona mkaka, bwezani jumbo, gwirani chikwama chanu zolimba. Yeniyeniyo imatuluka madzi oterera, opanda mtundu. Ndipo mkaka wa nkhadzewo suseweredwa, umawotcha khungu, m'maso ndiye osanena. Ana asayandikire.

Sindikuti musadzale ayi. Mbewuyi imapirira chilala, ndipo kuchokera pa kanthambi imatha kubala m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Koma ndalama yathu timaipeza titapsa ndi dzuwa, isamapite kwa wa tayi aliyense wodziwa kuyankhula.

Mnyamata uja ngati akuwerenga, adziwe kuti nkhope yake ndidaisunga. Benchi yanga siyidasamuke.

Tionana sabata yamawa.