Bokosi la maloko atatu siliphunzitsa malonda

Magulu osunga ndalama, amene kuno timati poupança, afalikira m'midzi yathu ya ku Angónia. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger m'caka ca 1991: anthu amasonkha pang'onopang'ono m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali m'manja mwa anthu atatu osiyana, amakongozana, ndipo nyengo ikatha amagawana. Ndi nzeru yabwino. Bokosilo limachinjiriza ndalama kwa mbala, ngakhalenso ku mowa wa kumsika. Koma siliuza munthu cimene acite nayo ngongole akaitenga.

Taganizani za mayi amene wakongola metikali 3000 mu Novembala kuti agule feteleza wa cimanga. Gulu lagwirizana ciwongoladzanja ca 10 pa 100 mwezi uliwonse, kwa miyezi itatu. Mu Febuluwale akuyenera kubweza 3900. Febuluwale ndiye mwezi umene nkhokwe zili pululu, cimanga cikali caciwisi m'munda, kukolola kuli kutali. Adzazitenga kuti? Adzagulitsa mbuzi, kapena kukongola kwina kuti atseke dzenje loyamba. Mayiyu si waulesi, ndipo sanabe. Palibe amene anamuuza kuti ngongole ya miyezi itatu imayenerana ndi malonda obweza msanga, monga mandazi kapena usipa, osati mbewu ya miyezi isanu.

N'cifukwa cake ndikuti gulu lisayambe kukongoza lisanaphunzire. Phunziro loyamba n'kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Ambiri akagulitsa thumba la mbatata ku Ulongwe amayesa zonse zili m'manja n'zawo, kuiwala mbewu, feteleza, thumba lenilenilo ndi wa njinga amene ananyamula. Laciwiri n'lovuta kuposa: kudziwa coyankha kwa mlamu wobwera kudzapempha mpamba uja. Kuthandiza m'bale ndi udindo wathu, koma magulu ali ndi kathumba ka mavuto, ka matenda ndi maliro. Kumeneko ndiko kotapa.

Ena amati maphunziro otere ndi a anthu a sukulu. Cowalepheretsa amayi athu ndi ciyankhulo, osati mutu. Amene amakumbukira ngongole za anthu khumi pamsika popanda kope sangalephere masamu. Mphunzitsi abwere ndi Cinyanja, osati Cipwitikizi, awerengetse ndi njere za nyemba pamphasa, ndipo afike mu Okutobala, mvula isanagwe ndi ngongole za feteleza zisanayambe.