Mabatire Asamadye Phindu la Wojambula

Mwezi wathawu ndinali ku ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ku Namitambo. Akwati ali pakati posayina chikalata, fulashi ya wojambula inangoti zii. Anatuma kamnyamata pa okala kukagula mabatire anayi, koma pomwe kankabwerako n'kuti abusa atatseka kale ndi pemphero. Chithunzi chimenecho banjali lilibe.

Nditacheza naye, mnyamatayu anandiuza kuti amagula mabatire atsopano pa mwambo uliwonse. Ndiye phindu lake latsala pati?

Mabatire otchipa a m'tochi sanapangidwire fulashi, chifukwa imakoka moto wambiri nthawi imodzi. Oyenera ndi otchaja a saizi ya AA, olembedwa NiMH. Musadabwe kuona alembedwa 1.2V pamene wamba ndi 1.5V. Mphamvu yawo siigwa msanga, ndipo fulashi siichedwa kudzaza mukajambula motsatizana. Pogula amaboola m'thumba, sindikana, koma batire limodzi limatchajidwa maulendo mazanamazana. Funsani omwe sataya moto akamangokhala m'chikwama, monga Eneloop. Mukaona batire la AA lolonjeza 4000mAh, lisiyeni pashelefu pomwepo: enieni amakhala pakati pa 1900 ndi 2500 kapena kupitirira pang'ono.

Tchaja ndiye musaumirepo. Yabwino imayang'anira batire lililonse palokha ndipo imaleka yokha likadzaza. Zina zotchipa zimangowotcha mabatire mpaka kuwapha. Kwa ife a kumidzi ya Chiradzulu, komwe magetsi sanafike m'nyumba zambiri, tchaja ya USB ndi yothandiza, popeza sola yomwe mumatchajira foni ija ikwanira. Khalani ndi magulu awiri a mabatire, muwalembe chizindikiro kuti asasakanikirane, ndipo muwadzazitse kudakali masiku awiri mwambo usanafike. Kamera yokhala ndi batire lakelake la lithium imafunanso lachiwiri lapadera.

Makolo, apa mpofunika maso. Batire wamba musaliike mu tchaja, limatha kudontha kapena kuphulika. Lotchaja lisayende m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, limatentha mpaka kuwotcha. Mabatire otha ndimawaona ali mbwee kuseri kwa nyumba, ana akuwaswa ndi miyala. Mankhwala a m'katimo amawononga khungu ndi maso. Asonkhanitseni m'chigubu chotseka, pamalo pouma, kutali ndi moto, chitsime ndi dimba.