Mpanda wa ku Manchester: kodi voti imachotsa mtsogoleri?

Tiyerekeze kuti mwadzuka m'mawa n'kupeza nyumba yanu yazunguliridwa ndi mpanda wachitsulo. Palibe amene anakuuzani. Mungatani?

Izi zinawachitikira ophunzira a pa yunivesite ya Manchester, ku England, pa 5 Novembala 2020. Tsiku limeneli boma linatsekanso malo ambiri m'dzikolo chifukwa cha mliri wa Covid-19. Akuluakulu a yunivesite anamanga mpanda kuzungulira nyumba zogona ophunzira ku Fallowfield. Iwo anati akufuna kuletsa alendo kulowa. Koma sanayambe akambirana ndi ogona m'nyumbazo. Usiku wa tsiku lomwelo ophunzira mazanamazana anagwetsa mpandawo. Mkulu wa yunivesite, mayi Nancy Rothwell, anapepesa.

Mkwiyo sunayambire pa mpandawo ayi. Ophunzira ambiri ankalipira mapaundi 9,250 pachaka, koma maphunziro ambiri ankachitikira pa intaneti. Ankalipiranso lendi yonse, ngakhale kuti ena ankabindikiritsidwa m'zipinda zawo chifukwa cha matendawa.

Ophunzira anatsata njira ziwiri. Tiyeni tizione bwino, chifukwa zotsatira zake zinasiyana.

Njira yoyamba inali ya lendi. Ena anagwirizana zosiya kulipira. Gulu lina linalowa m'nyumba yaitali ya Owens Park n'kukhalamo pafupifupi masabata awiri. Atsogoleri a bungwe la ophunzira anakhala pansi ndi akuluakulu a yunivesite. Kumapeto kwa Novembala yunivesite inavomera kuchotsera mapaundi 30 pa mapaundi 100 aliwonse a lendi ya chigawo choyamba cha chaka.

Njira yachiwiri inali ya voti. Mu Malichi 2021 bungwe la ophunzira linachititsa voti yofunsa ngati ophunzira akuwakhulupirirabe mayi Rothwell ndi akuluakulu anzawo. Pa anthu 100 aliwonse amene anavota, 89 anati sakuwakhulupirira. Komabe mayiwa anakhalabe pa udindo wawo mpaka 2024.

Mwina mukufunsa kuti, nanga voti ija inapita kuti? Pali zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi malamulo. Amene amalemba ndi kuchotsa mkulu wa yunivesite si ophunzira, koma komiti yaikulu yoyang'anira yunivesiteyo. Voti ya ophunzira inangoonetsa maganizo awo. Komitiyo inati ili pambuyo pa mayi Rothwell, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chachiwiri ndi chiwerengero. Pa ophunzira 100 aliwonse, pafupifupi 13 okha ndi amene anavota. Enawo anakhala chete. Mukamva kuti "89 pa 100", muzifunsa kuti: pa 100 ya anthu ati? Ya onse, kapena ya okhawo amene anavota?

Tisanene kuti votiyo inali yachabe. Inadziwitsa dziko lonse kuti pa yunivesiteyo zinthu sizili bwino. Tisaiwalenso kuti akuluakuluwo anali ndi udindo woteteza miyoyo pa nthawi yovuta. Kulakwa kwawo kunali kuchitira anthu zinthu osawafunsa.

Nkhani ya lendi inatheka chifukwa pempho linali limodzi, lomveka, ndipo linapita kwa anthu amene anali ndi mphamvu yoyankha. Inunso, mukakhala ndi dandaulo ku komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ya msika, yambani mwadziwa kuti malamulo apereka mphamvu kwa ndani. Lembani chimene mukufuna m'mawu ochepa. Ndipo tsiku la voti likafika, musakhale kunyumba.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. N'chifukwa chiyani ophunzira anagwetsa mpanda?
2. Ngati lendi inali mapaundi 200, ndi mapaundi angati amene anachotsedwa?
3. Kwanuko, ndani ali ndi mphamvu yochotsa wapampando wa komiti?