Mai Akamasimba za Ena, Afunsidwenso za Mabala Ace

Mu April 1996, bungwe la Truth and Reconciliation Commission linayamba kumva maumboni mu mzinda wa East London ku South Africa, wa pampando ali Akibishopu Desmond Tutu. Nchito yace inali kufukula nkhanza za m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Anthu oposa 21,000 anapereka mau ao, ndipo oposa theka anali akazi.

Mmodzi wa iwo anali Mai Nomonde Calata, amene amuna ao a Fort Calata anaphedwa ndi apolisi mu 1985. Pofotokoza za imfayo analira mofuula, kotero kuti a Tutu anayamba aimitsa msonkhano, ndipo poutsegulanso anatsogolera nyimbo. Kulira kumeneko kunamveka pa wailesi m'dziko lonse.

Koma ophunzira amene anasanthula maumboniwo anapeza canthu cina. Fiona Ross wa pa Yunivesite ya Cape Town, m'buku lace la 2003 lochedwa Bearing Witness, anaonetsa kuti akazi ambiri anasimba za amuna ao ndi ana ao aamuna, koma za kumenyedwa, kutsekeredwa ndi kugwiriridwa kwa iwo eni anazichula pang'ono cabe. Manyazi ndi kuopa citonzo ca anansi zinawatseka pakamwa. Beth Goldblatt ndi Sheila Meintjes anali atacenjeza kale za ici mu 1996, ndipo bungwelo linakonza misonkhano yapadera ya akazi ku Cape Town, Durban ndi Johannesburg.

Atolankhani naonso sanacoke opanda zipsera. Antjie Krog, amene anali kutola nkhanizi za pa wailesi, analemba mu 1998 m'mene zinamdwalitsira mumtima.

Cipembedzo cinatonthoza ambiri, pakuti misonkhano inali kutsegulidwa ndi pemphero. Komabe Richard Wilson anatsutsa mu 2001 kuti wokhululuka anali kutamandidwa, pamene wofuna cilango anasowa womumvera. A banja la Steve Biko anakafika mpaka ku khoti kukana kuti akupha akhululukidwe, koma mlanduwo unawagomera.

Tsono mtolankhani, mkulu wa mpingo kapena nkhoswe, akamva mai akusimba tsoka la pa banja, asathamangire misozi yokha, ndipo asafulumire kumuuza kuti akhululuke. Amkhazike poduka mphepo, amfunse mofatsa cimene cinamgwera iye mwini, ndipo ngati safuna kuyankha tsiku lomwelo, amleke mpaka atakonzeka.