Oyilo Amakalamba Ngakhale Galimoto Ili Chiimire

Abale anga alimi a kwa Jalasi, kwa Katuli ndi kwa Bwananyambi, sabata ino tiyambe tasiya nkhani za mbewu. Tikambirane za injini zimene zimagwira ntchito miyezi yowerengeka, miyezi ina yonse n'kumangogona. Kuno ku Namwera zilipo ndithu. Ilipo lole yakale ya Bedford imene imadzuka pa nthawi yotuta chimanga ndi yotengera fodya ku Limbe basi. Alipo ma Land Rover ndi ma Peugeot 404 amene eni ake anasiyiridwa ndi atate awo. Ilipo thirakitala ya Massey Ferguson yolima mu Okutobala ndi Novembala, ndiponso pampu ya petulo ya kudimba imene imalowa m'nyumba mvula ikangogwa.

Ambiri a inu mumati, "Galimoto yanga siinayende, tsono nditayirenji oyilo amene ndinagula ndi ndalama zambiri?" Funsoli n'lomveka. Pa galimoto zakalezi anthu anazolowera kusintha oyilo pa mailosi 3,000 alionse, ndiwo makilomita pafupifupi 5,000, ndipo galimoto yoyenda nyengo imodzi yokha ingathe zaka zitatu isanakwanitse mtunda umenewu. Koma oyilo sawerenga mailosi okha, amawerenganso miyezi. Langizo langa ndi ili: sinthani oyilo kamodzi pa chaka, ngakhale galimotoyo yangoyenda maulendo khumi okha.

Taonani chifukwa chake. Petulo akamapsa m'injini amatulutsa madzi. Lita imodzi ya petulo imabala madzi pafupifupi lita imodzinso. Ambiri amatuluka ndi utsi, koma injini ikakhala yozizira, ena amadutsa m'mbali mwa mapisitoni ndi kutsikira pansi kumene kumakhala oyilo. Mwaye umatsikira komweko, petulo wosapsa nayenso, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi pamene mumakoka choki kuti injini ilire. Onjezanipo mame: chitsulo chikatentha masana ndi kuzizira usiku chimachita thukuta m'kati monga amachitira malata a denga, ndipo kumtunda kuno usiku kumazizira koposa kunyanja. Madzi aja akasakanikirana ndi zotsalira za utsi amasanduka asidi. Galimoto yoyenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku imawauma yokha ndi kutentha kwake. Koma yoima imagona nawo miyezi isanu ndi umodzi, asidiyo ali kudya maberingi mwakachetechete, dzimbiri lili kugwira m'kati.

Chifukwa cha ichi nthawi yabwino yosinthira oyilo ndi pamene ntchito yatha, musanaimike galimoto. Ambiri amachita mosemphana: amaimika lole ndi oyilo wakuda mu Seputembala, nadzathira watsopano mu Epulo. Pamenepo kuwononga kwachitika kale. Tsiku lotsiriza la ntchito, injini ikali yofunda, masulani nati ya pansi, oyilo atuluke yense m'beseni. Wofunda amatuluka msanga pamodzi ndi litsiro lake. Sinthani fyuluta, thirani watsopano, lizani injini mphindi zochepa kuti afike ponseponse, ndipo muzimitse. Land Rover yakale ya masilinda anayi imamwa malita 6 kapena 7. N'zodula, inde, koma funsani makaniko ku Mangochi mtengo wotsitsa injini ndi kupala kirankishafuti, kenaka muyerekeze ndi mabelo a fodya.

Pali chizolowezi china chimene ndifuna muchisiye. Mwini galimoto amaitana mwana Loweruka lililonse kuti ailize mphindi zisanu ili pomwepo, ati kuti ingaiwale kulira. Mphindi zisanu sizitenthetsa oyilo. Zimangoonjezera madzi ndi mwaye. Ngati mufuna kuidzutsa, iyendetseni theka la ola kapena kuposerapo kamodzi pa mwezi. Ulendo wa ku Chiponde ndi kubwerako ungathandize, ndipo wotsika ku Boma ndi kukweranso Chowe ndiye woposa. Ngati petulo wa ulendo wotere palibe, ndi bwino kuisiya osaigwira, mutachotsa batire ndi kuisunga pouma.

Kuyesa oyilo sikufuna sukulu. Solorani ndodo yoyezera galimoto ili pamalo olingana. Oyilo akamaoneka wotuwira ngati tiyi wamkaka, kapena pansi pa chitsekerero pali zonga chambiko, ndiye kuti muli madzi. Akamanunkha petulo, kapena akamakwera pa ndodo inu musanaonjezere, asungunuka ndi petulo ndipo mphamvu yake yatha. Mungathenso kudontheza pang'ono pa chitsulo chotentha: akathetheka ngati nsomba m'chiwaya, madzi alimo. Kuda kokha sikusonyeza kanthu pa injini ya dizilo, pakuti oyilo wake amada m'masiku ochepa. Ndipo oyilo woyera m'maso angakhale wotha ntchito, nchifukwa chake lembani tsiku limene mwasintha m'kabuku komwe mumalembamo za feteleza.

Injini zakale zinapangidwa ndi mipata yokulirapo, ndipo ukalamba waikuzanso. Za petulo zimakonda oyilo wokhuthala wolembedwa 20W-50. Za dizilo zambiri zimayenda bwino ndi 15W-40. Gulani wa m'chigubu chomata. Woyezera m'mabotolo pa msika simudziwa kumene wachokera, ndipo nthawi zina amakhala wotsitsidwa m'galimoto ya munthu wina n'kungosefedwa. Eni Land Rover ndi thirakitala zakale musaiwale kambale ka oyilo kamene kali pansi pa chosefera mpweya. Fumbi lonse la m'misewu yathu limathera mmenemo. Katsukeni ndi kuthiramo watsopano.

Inu amayi ndi abambo a makalabu a ulimi wothirira, pampu yanu ndiyo yosachedwa kufa, pakuti zambiri zilibe fyuluta ya oyilo, ndipo oyilo wake ndi wongopitirira pang'ono theka la lita. Ikakhala yatsopano sinthani patatha maola 20, kenaka pa maola 100 alionse kapena miyezi isanu ndi umodzi. Poisunga nthawi ya dzinja, thirani oyilo watsopano, khuthulani petulo yense ndi madzi a m'pampu, ndipo muiike pa thabwa, osati pa dothi. Komiti isankhe munthu mmodzi wosunga kabuku ka maola, chifukwa pampu yobwerekana aliyense amayesa kuti mnzake wasintha kale.

Oyilo wakale musamutaye m'dimba, m'khwawa kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musapake pa zilonda za ng'ombe kapena mphere za mbuzi monga amachitira ena. Muli poizoni wolowa pakhungu. Muthireni m'chigubu chotseka bwino, muike patali ndi ana, ndipo mukapereke kugalaja tsiku limene mudzatsikira ku Boma.