Mawu Akuti "Misala" Akubisa Odwala

M'Chichewa kapena kuti Chinyanja, mawu amodzi akuti "misala" asenzetsedwa katundu wosayenera. Wosokonezeka ndi malungo a muubongo, wozunguzika ndi chamba, wodwala khunyu ndi wodwala schizophrenia, onsewa amangotchedwa amisala. Ulesi wa lilime umenewu ukupweteketsa anthu.

Munthu akamva kuti "wamisala" amaganiza za bambo wansanza wotola zinyalala pamsika. Komatu odwala schizophrenia ambiri ali m'nyumba, pakati pa abale awo. Mu 2022 bungwe la WHO linati padziko lonse analipo pafupifupi 24 miliyoni, ndipo pakati pa akuluakulu matendawa ankagwira mmodzi mwa anthu 222 alionse. Amayamba munthu akamayandikira zaka 20 kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo amafulumira kwa amuna kusiyana ndi akazi. Choncho wodwalayo ndi mnyamata wa kukoleji kapena mayi wa mwana woyamba.

Wodwala akamamva mawu amene ena sakuwamva, kapena akamakhulupirira kuti anthu akumusaka, abale amati walodzedwa. Akayamba kudzipatula, kusiya kusamba ndi kusalankhula, amati ndi ulesi kapena mwano. Zonsezi ndi zizindikiro za matenda amodzi, koma popeza alibe dzina lodziwika pamudzi, banja limataya nthawi ndi chuma kwa asing'anga lisanaganize za Zomba Mental Hospital, Chainama ku Lusaka kapena Ingutsheni ku Bulawayo. Chonsecho mankhwala monga chlorpromazine alipo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Odwalawa amafanso msanga kuposa anzawo, makamaka ndi matenda a mtima ndi shuga, amene akanatha kuthandizidwa.

Ena amati dzina silichiritsa. Iwowa ayang'ane ku Japan: mu 2002 madokotala anasiya dzina lakale lotanthauza "kugawanika kwa maganizo", ndipo pambuyo pake ambiri anayamba kuuza odwala awo matenda enieni mosabisa. Dzina lakalelo linali kumasulira kwa mawu a Chigiriki amene Eugen Bleuler anawalumikiza mu 1908, ndipo limasocheretsa, chifukwa wodwalayo sakhala anthu awiri m'thupi limodzi. Omasulira a Chichewa asagwere m'mbuna yomweyo.

Madokotala, akatswiri a chilankhulo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akhale pansi ndi kupeza dzina lolondola komanso laulemu. Pamkumanowo odwala eni ake alankhule poyamba, popeza ndi iwo amene adzasenze dzinalo. Makolo ananena kale kuti wamisala anaona nkhondo.